Kalata yochokera ku Yeoville, ku Joni

Amayi ndi a Malume,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino nonse kumudziko, pamodzi ndi ana. Kuno tili moyo ndipo ntchito ikuyenda. Uthenga woti mphwanga watenga pasipoti ndipo mtima wake uli kuno ndinaulandira. A Malume munafunsa kuti malo amene adzafikirewo ndi otani, ndipo limenelo ndi funso losatheka kuliyankha pa foni mayunitsi akutha. N'chifukwa chake ndalemba. Mukawerenga mumupatse nayenso, chifukwa zambiri zili m'munsimu ndi zake.

Dera lino limatchedwa Yeoville. Lili pamtunda, kumpoto chakum'mawa kwa pakati pa mzinda wa Johannesburg, ndipo munthu wamiyendo yolimba amatha kuyenda wapansi kuchokera kuno kukafika ku Park Station kumene mabasi a kwathu amaima. Kumadzulo kwa dera lino kuli Berea ndi Hillbrow, ndipo malire ake ndi msewu waukulu wa Joe Slovo Drive. Kum'mawa kuli Bellevue ndi Observatory. Kumpoto, mukangodumpha msewu wa Louis Botha, mwalowa ku Houghton kwa anthu achuma, kumene a Nelson Mandela ankakhala mpaka pamene anamwalira pa 5 Disembala 2013. Msana wa dera lonse ndi msewu umodzi umene uli ndi mayina awiri: chakumadzulo ndi Raleigh Street, ukamapita kum'mawa umasanduka Rockey Street. Mashopu, msika, laibulale ndi dziwe losambiramo zonse zili m'mbali mwa msewu umenewu.

Golide anapezeka kuno mu 1886, ndipo mzinda unamera pa fumbi la migodi. Patangotha zaka zinayi, mu 1890, malo ano anadulidwa mapuloti n'kupatsidwa dzina kuchokera kwa Thomas Yeo Sherwell, mzungu wa ku Yeovil ku England. Ogulitsa mapulotiwo ankakopa anthu achuma ndi mpweya wabwino wa pamtunda, kutali ndi utsi wa kumunsi. Koma achuma enieni anakamanga kwina. Amene anadzaza Yeoville anali azungu apakatikati, ambiri mwa iwo Ayuda ochokera kum'mawa kwa Ulaya, makamaka ku Lithuania, amene anatsegula mabutchala, mabekale ndi masunagoge awo. Ronnie Kasrils, amene anadzakhala nduna boma la tsankho litatha, anabadwira kuno mu 1938. Mu 1961 a Mandela, apolisi akuwasakasaka, anabisala kwa milungu ingapo m'fulati ya mnzawo Wolfie Kodesh m'dera lomweli, pamene munthu wakuda sankaloledwa kukhala kuno pokhapokha ngati ndi wantchito.

Mawu akuti wantchitowo muwagwire, chifukwa ndi amene akufotokoza mamangidwe a nyumba za kuno. Nyumba yakale ya ku Yeoville ndi ya njerwa, yofolera malata, ya zipinda zogona ziwiri kapena zitatu, pabalaza, khitchini, bafa limodzi ndi khonde loyang'ana kumsewu. Pansi pake ndi pa matabwa, siling'i ndi ya malata opyapyala osindikizidwa maluwa. Kuseri kwa bwalo kuli kachipinda kamodzi kapena tiwiri, ndi chimbudzi chapanja. Timeneto tinali ta wophika ndi wakudimba. Pa mafulati, tizipinda totere tili padenga penipeni. Anthu a kwathu anagonamo kalekale m'tizipinda timeneti, chifukwa si onse opita ku Joni amene ankalowa mumgodi. Ambiri ankadziwika ndi ukhukhi ndi ntchito ya maluwa m'nyumba za azungu. A Malume mukukumbukira bwino za Wenela, ndi ndege ija inagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha a Malawi 74 obwerera kumudzi, mpaka a Kamuzu analetsa kulemba anthu a kumigodi. Njira ya Theba inatsekekeratu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, koma ya m'makhitchini ndi m'madimba sinatsekeke mpaka lero.

Lamulo logawa malo okhala potengera khungu, la Group Areas Act, linakhazikitsidwa mu 1950 ndipo linachotsedwa mu 1991. Koma kuno linayamba kufooka lisanachotsedwe. M'zaka za m'ma 1980 Rockey Street inali malo amene oimba, atolankhani, ophunzira ndi olimbana ndi tsankho, akuda ndi oyera, ankachezera limodzi usiku, ndipo mabanja akuda anayamba kuchita lendi mafulati m'dzina la mzungu wina. Ufulu utabwera mu 1994, azungu ambiri anasamukira kumpoto kwa mzinda, mabanki anayamba kuuma manja pa ngongole zogulira nyumba kuno, ndipo eni nyumba ambiri anasiya kuzikonza. Nthawi yomweyo kunafika anthu ochokera ku Congo, Nigeria, Cameroon, Ghana, Ethiopia, Zimbabwe, Mozambique ndi kwathu, kuwonjezera pa eni dziko ochokera ku Soweto, KwaZulu-Natal ndi Limpopo. Onsewa ankafuna chinthu chimodzi: pogona pafupi ndi ntchito.

Ndiye nkhani yonse ya Yeoville ya lero yagona apa. Nyumba inamangidwira banja limodzi la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, mawaya ake, mapaipi ake ndi chimbudzi chake zonse anayezera banja limodzi, koma tsopano chipinda chilichonse ndi banja palokha. Pabalaza amadula pakati ndi bolodi kapena katani kuti patuluke malo awiri kapena atatu. Khonde amalitseka ndi magalasi kapena malata n'kukhala chipinda. Galaja ndi chipinda, kachipinda ka wantchito ndi chipinda, ndipo ena amawonjezera tina kubwalo. Pafupifupi vuto lililonse limene munthu amakumana nalo kuno, kaya la magetsi, la madzi, la moto kapena mikangano ya lendi, limachokera pamenepa. Ine ndimakonda dera lino ndipo sindikufuna kuti muliope. Ndikufuna kuti mphwanga adziwe kuyang'ana nyumba asanatulutse ndalama.

Tsono mphwanga, apa ndikulankhula ndi iwe.

Zipinda kuno zimapezeka m'njira ziwiri: kudzera mwa anthu odziwana nawo, kapena pa khoma la pafupi ndi Shoprite mu Raleigh Street, pamene anthu amamata timapepala tolemba pamanja toitanira ofuna chipinda, khonde, kapena wogawana naye bedi ndi lendi. Pamenepo pamaimanso mabaki onyamula katundu wa osamuka, makamaka pakutha pa mwezi. Lamulo loyamba ndi lakuti usatumize ndalama pa foni kwa munthu amene sunamuone, ngakhale atakutumizira zithunzi zokongola bwanji. Pita ukaone chipindacho, kiyi atsegule pamaso pako. Lachiwiri, dziwa kuti amene ukumupatsa ndalamayo ndi ndani. Nthawi zambiri si mwini nyumba, koma munthu amene anachita lendi fulati yonse n'kumabwereketsa zipinda. Zimenezo si zachilendo, koma ngozi yake ndi yakuti iye akalandira ndalama zanu osakapereka kwa mwini, tsiku lina mumangoona nonse mukuuzidwa kutuluka pamene inu munalipira. Funsa anthu amene akukhalamo kale, iye palibe: akhalamo miyezi ingati, magetsi anadulidwapo, dipoziti ya amene anatuluka inabwezedwa? Konzeka kulipira kawiri mwezi woyamba, lendi ndi dipoziti yofanana nayo. Ngati lendi ndi R2,000, ukhale ndi R4,000 m'manja usanagule ngakhale bulangete.

Lamulo la kuno la Rental Housing Act la 1999 limateteza aliyense wochita lendi, nzika ndi mlendo yemwe. Uli ndi ufulu wolandira risiti pa ndalama iliyonse, ndiponso wopempha kuti mgwirizano ulembedwe. Polowa, inu awiri muyenera kuyendera chipinda limodzi n'kulemba zowonongeka zimene mwazipeza; jambula ndi foni galasi losweka, loko wolobodoka, khoma lachinyezi, chifukwa zimenezi ndi zomwe amadzadulira dipoziti potuluka. Ngati sunawononge kanthu, dipoziti iyenera kubwerera pasanathe masiku 7. Mwini nyumba saloledwa kukutsekera kunja, kukuchotsera chitseko kapena kukudulira madzi pofuna kukuthamangitsa. Wotulutsa munthu m'nyumba ndi khoti lokha. Madandaulo otere amapita ku Rental Housing Tribunal, bwalo lomva milandu ya lendi, ndipo salipiritsa. Koma zonsezi zimagwira ntchito ukakhala ndi pepala m'manja. Wopanda risiti alibe poyambira.

Pali nyumba zina zimene usalowemo ngakhale lendi itatsika bwanji. Izi ndi zomwe eni ake anazithawa, magulu ena n'kuzilanda n'kumatolera lendi. Zizindikiro zake sizibisika: pageti pamakhala anyamata otolera ndalama pamanja popanda risiti, mawaya a magetsi amachokera kumsewu kulowera pawindo, m'makonde muli mdima masana, madzi safika m'mwamba ndiye anthu amakwera ndi ndowa, zinyalala zaunjikana pansi pa masitepe, ndipo khomo lothawira moto ndi lokhoma ndi unyolo. Amayi munamva pa wailesi za moto wa pa 31 Ogasiti 2023 pa nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, pakati pa mzinda, umene unapha anthu 76, ena mwa iwo a kwathu. Nyumba imeneyo kale inali ofesi ya mapasi a anthu akuda. M'kati mwake anali atamangamo tizisakasa ta matabwa ndi mabolodi, ndipo anthu ambiri anafera pa mageti okhoma. Choncho ukalowa m'nyumba iliyonse, usanayang'ane kukula kwa chipinda, yang'ana potulukira. Werenga makomo. Funsa amene amasunga kiyi wa geti usiku. Ngati mawindo onse ali ndi zitsulo ndipo khomo ndi limodzi, kiyi wako wa geti ukhale nawo iwe, ndipo uzigona ukudziwa pamene uli.

Za magetsi ndifotokoze mwatsatanetsatane, chifukwa ndi pamene pamayambira moto ndi udani. Magetsi a kuno ndi a mavoti 230. Mzere umodzi wa masoketi nthawi zambiri umatetezedwa ndi swichi ya maampu 20, kutanthauza kuti umanyamula mawati pafupifupi 4,600. Sitovu ya mbale ziwiri imadya mawati pafupifupi 2,000, ketulo chimodzimodzi, hita yaikulu chimodzimodzi. Ukayatsa zitatuzi pa mzere umodzi wadutsa kale malire, ndipo m'nyumba zakalezi zipinda zitatu zimatha kukhala pa mzere umodzi. Swichi yaikulu ya nyumba yonse kawirikawiri ndi ya maampu 60, mawati osafika 14,000. Mabanja asanu ndi atatu akayatsa masitovu nthawi imodzi madzulo, imagwa. Kugwako si kuwonongeka; swichiyo ikugwira ntchito yake. Choopsa ndi chimene anthu otopa nayo amachita: amaimanga ndi waya kuti isagwe, kapena amailambalala. Zikatero chimene chimatentha ndi waya wakale wa m'siling'i, pamwamba pa matabwa ouma a zaka zoposa 80. Ukaona bokosi la maswichi lili lakuda ndi utsi, kapena mawaya olumikiza ndi tepi akulendewera, nyumbayo isiye. M'chipinda mwako, sitovu ndi hita uzilumikiza pa soketi ya pakhoma, osati pa ekisitenshoni yopyapyala, ndipo pulagi ikamatentha ukaigwira, zimitsa. Udziwenso kuti mapulagi a kuno ndi a mano atatu obulungira, osati a makona ngati a kwathu, ndiye tchaja yako idzafuna adaputa.

Funsanso za mita. Pabwino ndi pamene chipinda chili ndi mita yakeyake yogulira mayunitsi, ngakhale kuti mayunitsi a mamita oikidwa ndi eni nyumba amakwererako mtengo. Yuniti imodzi ndi mawati 1,000 kwa ola limodzi, choncho hita ya mawati 2,000 ikayaka maola asanu yadya mayunitsi 10. Pamene mita ndi imodzi nyumba yonse, mikangano siitha, chifukwa wokhala yekha amene amachoka m'mawa amasonkha mofanana ndi banja lophika nyemba tsiku lonse. Ndipo ngati mwini nyumba ali ndi ngongole ku khonsolo, a City Power, kampani ya magetsi ya mzinda uno, amadula nyumba yonse, osayang'ana kuti ndani analipira.

Kuzizira usakuderere. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo mu Juni ndi Julaye m'mawa madzi amatha kuuma ngati ayezi pa udzu. Bwera ndi jekete yochindikala. Mabulangete awiri udzagula kuno. Chimene chimapha anthu chaka ndi chaka ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka. Mpweya wake sununkha, umangogonetsa munthu, osadzukanso. Mbaula iyakire panja ndipo ithere panja. Sitovu ya palafini ndi kandulo zikhale pansi, kutali ndi katani wodulira chipinda, ndipo zisatsale zikuyaka munthu akugona.

Madzi a mzinda uno amachokera ku damu la Vaal, kutali kummwera, ndipo amachita kupopedwa kukwera mtunda. Pamwamba pa phiri lathu pali thanki yakale yachitsulo, ya mu 1914, imene imaonekera kutali ndipo ndi chizindikiro cha Yeoville. Chifukwa tili pamwamba, mapampu akaima kapena paipi yaikulu ikaphulika, ife ndi amene timayamba kuuma ndipo timamalizira kulandira, makamaka okhala m'mwamba mwa mafulati. Ukhale ndi zigubu ziwiri za malita 20 zodzaza nthawi zonse. Madzi akasiya, tseka mipope yonse, chifukwa amakonda kubwerera usiku ndipo mpope woiwalika umasefukira mpaka kwa okhala pansi. Giza, thanki yotenthetsera madzi osamba, izimitsidwe, apo ayi chotenthetsera chake chimapsa ikakhala yopanda madzi. Akabwerera amayamba ofiira ndi dzimbiri la mapaipi akale. Asiye atuluke mpaka ayere. Kumbali ya zonyansa, mapaipi a pansi ndi adothi, ndipo mizu ya mitengo ya m'misewu imalowa m'malumikiziro ake. Onjezapo anthu makumi awiri pa chimbudzi chimodzi, manyuzipepala, matewera, mafuta ophikira ndi makoko a nsima otayira mu sinki, paipi imatseka. Poyendera nyumba zungulira kuseri ukaone pamene madzi a kukhitchini amagwera. Pakakhala chithaphwi chonunkha, ndiye kuti vutolo ndi lakale ndipo palibe akulikonza.

Amayi, musaganize kuti kuno ndi mavuto okhaokha. Msika wa mu Rockey Street, umene unatsegulidwa mu 1999, ndi malo amene simungasowe chakudya cha dziko lililonse la mu Africa muno. Amayi a ku Congo amagulitsa chigwada, chinangwa ndi nsomba zouma, a ku Nigeria ndi Ghana zilazi, nthochi zophika ndi mafuta ofiira a kanjedza, a ku Zimbabwe masamba ofutsa ndi mphalabungu. Therere, nyemba, mtedza ndi mbatata sizisowa. Ufa wa m'mashopu ndi woyera bwino, nsima yake amaitcha papa, ndipo usipa umabwera ndi mabasi a kwathu. Mumsewu mumamva Chizulu, Chisutu, Chifalansa, Chilingala, Chishona ndi Chichewa pa mtunda waufupi. Matelala, ometa, okonza mafoni ndi otumiza ndalama ali khomo ndi khomo, ndipo ambiri mwa anyamata a kwathu amayambira ganyu mwa anthu amenewa asanapeze ntchito ya m'dimba kapena ya ulonda kumpoto kwa mzinda. Mu Okutobala mitengo ya jakaranda imachita maluwa, misewu yonse n'kukhala yofiirira, kenaka mvula ya mabingu imayamba, yogwa masana ndipo nthawi zina ya matalala.

Opemphera sasowa kolowera. Kuli Akatolika, Anglican, mzikiti, ndi matchalitchi ambirimbiri a Pentekosite m'mashopu ndi m'magalaja akale. Koma malo amene amandikhudza mtima ndi phiri la kumapeto kwa dera lino, chakummwera. Kuyambira m'bandakucha anthu ovala zoyera, a Ziyoni ndi a Apostoli, amagwada pa miyala, wina payekha, ena m'timagulu, kupempherera ntchito, mapepala ndi odwala a kwawo. Pansi pawo pamaoneka mzinda wonse: bwalo la mpira la Ellis Park, nsanja ya Hillbrow, ndi Ponte, nyumba yobulungira ya nsanjika 54 imene inamalizidwa mu 1975. Kumeneko uzipita masana ndiponso ndi anzako, chifukwa akuba amadziwa kuti wotseka maso sateteza thumba.

Mayendedwe ndi a minibasi, zimene kuno amati matekisi. Mulibe kondakitala. Ukafuna ya kutauni umaloza chala chimodzi m'mwamba. Ya m'dera momwemo umaloza pansi. Ndalama zimasonkhedwa mzere ndi mzere kupita kutsogolo, ndipo wokhala pambali pa dalaivala ndi amene amawerengera ndi kubweza chenje, choncho masiku oyamba usakhale kutsogolo. M'mawa usakwere ndi R100 kapena R200 yosasintha. Foni isatuluke m'thumba pa maloboti kapena poyenda mumsewu, ndipo kukada uziyenda mu Raleigh ndi Rockey momwe muli anthu, osati m'tinjira ta kuseri kwa nyumba. Nambala ya apolisi ndi 10111, ya ambulansi 10177, ndipo 112 imagwira pa foni iliyonse ya m'manja.

Za mapepala ndinene mosabisa, a Malume amve. Pasipoti ya Malawi imapatsidwa masiku 30 ochezera, ndipo chidindo chimenecho sichiloleza kugwira ntchito. Wopitirira masiku ake amaletsedwa kulowanso: chaka chimodzi ngati sanapitirire ndi masiku oposa 30, zaka zisanu ngati wapitirira apo. Wogwidwa alibe mapepala amatsekeredwa ku Lindela, ku Krugersdorp, kudikira kubwezedwa. Mapemiti ogula kwa anthu a mumsewu ndi abodza, ndipo opezeka nawo mlandu wake umaposa wa wopanda kanthu. Udani ndi alendo uliponso. Mu Meyi 2008 zipolowe zinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62, ndipo zakhala zikubuka nthawi ndi nthawi. Ku Yeoville alendo ndi ochuluka kotero kuti munthu sadzimva kuti ali yekha, komabe mphekesera zikayamba anthu amatseka mashopu msanga n'kukhala m'nyumba. Mphwanga aphunzire moni ndi mawu ochepa a Chizulu, ndipo akangofika alowe gulu la maliro la anthu a kwathu, limene amasonkha mwezi ndi mwezi, chifukwa kunyamula thupi kuchoka kuno kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza ndi ndalama zimene banja limodzi silingakwanitse.

Maganizo anga ndi akuti asanyamuke m'nyengo yozizira, ndiponso asanyamuke ndisanapeze chipinda chimene ndachiyendera ndekha n'kuona bokosi la magetsi, kuseri kwa nyumba ndi makomo ake. Ndalama ya basi isakhale yokhayo m'thumba. Pakhale ya lendi ndi dipoziti, ya chakudya cha mwezi wathunthu, ndi yobwererera imene sadzaikhudza. Musagulitse mbuzi kapena kubwereketsa munda chifukwa cha ulendowu tisanalankhulane. Mukakhala pansi monga banja n'kugwirizana, mundiimbire Lamlungu madzulo, ndi nthawi imene ndimakhala pakhomo.

Mupereke moni kwa agogo, kwa azakhali ndi kwa onse a kumpingo.

Ine mwana wanu,
ku Yeoville, Johannesburg